Sukulu yasintha dzina, logo yatsopano ikukana kulowa pa chidindo

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito ndi sukulu ina ya zaluso yomwe yangosintha dzina. Kale inkaphunzitsa nyimbo zokha ndipo dzina linali la mawu atatu. Pano awonjezera zisudzo, magule ndi zojambula, dzina latalika mpaka mawu asanu ndi awiri. Bodi ikufuna logo yatsopano komanso kabuku ka malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake. Mkulu wa sukulu akuti mu logo mukhale chida choimbira, burashi, chigoba cha zisudzo ndi munthu wovina, kuti pasapezeke dipatimenti yodandaula kuti yasiyidwa. Ndajambula mmene akufuniramo, pa kompyuta ikuoneka bwino ndithu, koma nditaisindikiza pa saizi ya chidindo yangosanduka banga la inki. Chinanso, dipatimenti iliyonse yayamba kale kudzipangira kalogo kake. Ndiye pali logo yakale, yomwe ilipo ngati JPEG yodutsa m'mafoni ambirimbiri, akuti iziwonekabe kwa kanthawi. Ndiyambire pati?

Wa Makina:
Achimwene, yambirani pa chidindo chomwecho, chakuuzani kale zoona. Ine logo iliyonse ndimaiyesa yakuda yokhayokha, mamilimita 15 m'lifupi, pa printa wamba wa mu ofesi. Ikapulumuka pamenepo ndiye tikambe za mitundu. Mizere yopyapyala kuposa 0.25 pt (muyeso wa kunenepa kwa mzere) ichotseni, imasowa. Ndipo chonde, mukamatitumizira ife osindikiza, ikhale vector (chojambula chosaphwanyika mukachikulitsa), fayilo ya PDF kapena EPS, zilembo zitasandutsidwa outlines (zojambula, osatinso fonti), mitundu ili mu CMYK, ya inki yosindikizira. Buluu wowala amene mukumuona pa sikirini ndi wa RGB, mitundu ya kuwala, papepala adzatuluka wozimirira, kenako kasitomala adzati makina athu ndi otha.

Wopeta:
Ndiikepo mawu ine wa ulusi, chifukwa sukulu iliyonse mapeto ake imafuna logo pa malaya. Zilembo zochepera mamilimita 5 kutalika singano siziwerenga bwino, "a" ndi "e" zimangotsekeka pakati. Mawu asanu ndi awiri pa chifuwa cha malaya sangalowe, pokhapokha mukufuna logo yofika kukhwapa. Mitundu yosungunukirana ija iwalani, ulusi sudziwa zimenezo. Mtundu uliwonse ndi ulusi wina, ndiye awiri kapena atatu akwana.

Wofunsa:
Zaluso zake ndamva, zikomo. Koma mkulu uja ndikamuuza kuti ndikuchotsa burashi, a zojambula andidya wamoyo.

Gogo wa Gulu:
Mwanawe, limene wabwera nalo si vuto la dizayini, ndi mkangano wa m'sukulu umene akufuna uwaweruzire ndi pensulo. Zizindikiro zinayi mu logo imodzi zikutanthauza kuti anthu anayi akuopana. Ndipo funsa funso ili pa msonkhano: chaka chamawa mukadzatsegula dipatimenti ya mafilimu, tidzawonjezera kamera? Nthawi zambiri chipinda chimakhala zii.

Pita ukaone zimene inachita sukulu ya ku Toronto ija, Ontario College of Art & Design. Mu 2010 inasintha dzina n'kukhala OCAD University, ndipo mu 2011 a kampani ya dizayini ya Bruce Mau Design anaipangira chizindikiro chatsopano. Sanajambule burashi kapena chida chilichonse. Anapanga mafelemu akuda ndi oyera onga mawindo, potengera nyumba yawo ya Sharp Centre for Design, ndipo m'windomo mumalowa ntchito za ophunzira. Felemu sisintha, za mkati ndizo zimasintha. Apo ndiye pali yankho la a zojambula ako: malo awo ali pa posita, pa buku la pulogalamu, pa chikwangwani cha chionetsero. Logo ingokhala chitseko cha nyumba yonse.

Koma usatengeke kwambiri ndi ma logo osinthasinthawa. A MIT Media Lab, malo a kafukufuku a pa yunivesite ya MIT ku America, mu 2011 anapanga logo ya kompyuta yotha kutuluka m'maonekedwe okwana 40,000, dziko lonse la madizayina linaomba m'manja. Pofika 2014 anali ataisiya, Michael Bierut wa ku kampani ya dizayini ya Pentagram n'kuwapangira ina yosavuta, ya zilembo ziwiri zokha zomangidwa pa gridi ya timabokosi, magulu awo onse n'kutenga zilembo zawo pa gridi yomweyo. Ngati malo odzaza akatswiri a kompyuta anabwerera ku chinthu chosavuta, kuli bwanji sukulu imene logo idzakhala m'manja mwa mlembi amene akuthamangira kalata ya makolo?

Ine ndikanapanga logo imodzi ya maonekedwe atatu basi. Yaitali yokhala ndi dzina lonse, ya pa makalata ndi chikwangwani. Yaifupi ya zilembo zoyamba za dzinalo, ya pa malaya ndi chidindo. Ndi chizindikiro chokha chopanda mawu, cha malo ang'onoang'ono. Madipatimenti asakhale ndi logo, akhale ndi mzere wa dzina lawo pansi pa logo ya sukulu, fonti imodzi, saizi imodzi. Akalira kwambiri apatse aliyense mtundu wake wa pa maposita, koma logo asaikhudze.

Mlongo wa Webusaiti:
Agogo anena zonse, ine ndingowonjezera za kwathu ku intaneti. Chizindikiro chopanda mawucho chiyeseni pa mapikiselo 16 kwa 16, ndiyo saizi ya favicon, kachizindikiro ka webusaiti kooneka pamwamba pa browser. Chiyeseninso m'bwalo, chifukwa Facebook, Instagram ndi WhatsApp zimadula chithunzi cha profile mozungulira, makona amapita. Mundipatse fayilo ya vector ya SVG ndi manambala a HEX a mtundu uliwonse, osati kundiuza kuti "wofiira wa pa logo uja". Mitundu imene mudzalembere mawu pa webusaiti isiyane ndi kumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5:1 monga amanenera malamulo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kuwerenga webusaiti. Logo payokha lamulolo siliikakamiza, koma anthu amatenga mtundu wa logo n'kulembera ndime yonse, ndiye muwauziretu mtundu woyenera kulembera.

China chimene masukulu amaiwala: adiresi yakale ya webusaiti asaisiye kulipira. Iikidwe 301 redirect, yoti woitsegula azingopititsidwa ku yatsopano, ma imelo akale azilowabe. Mukaitaya wina akhoza kuigula, ndipo ili pa mapepala onse amene sukulu inagawa zaka zonsezi.

Wa Mafonti:
Achimwene, fonti mwasankhayo muli nayo layisensi yanji? Ndikufunsa chifukwa layisensi ya pa kompyuta yanu nthawi zambiri sikutanthauza kuti aphunzitsi makumi atatu akhoza kuiika pa zawo, ndipo ya webusaiti imakhala ina. Mu logo mokha mulibe vuto lalikulu mukasandutsa outlines, ngakhale ndi bwino kuwerengabe zimene layisensiyo ikunena. Koma fonti ya makalata a tsiku ndi tsiku tengani ya layisensi yaulere ya SIL Open Font License, pa Google Fonts zilipo zambiri. Musanaivomereze lembani ŵ, é ndi ñ muone ngati zilimo. Ndinaonapo satifiketi imene dzina la wophunzira linali ndi kabokosi pakati, chifukwa fontiyo inalibe ŵ.

Wa Makina:
Za logo yakale ija, bwanji muijambulenso mwa vector, muziika ziwirizo moyandikana kwa chaka chimodzi? Anthu azolowere. Kungoti musagwiritse auto trace, yoti kompyuta ijambule yokha, pa JPEG yotopayo, jambulani ndi dzanja.

Gogo wa Gulu:
Apo ndiye ndikukanani, bambo wa makina. Kuijambulanso inde, kuti isungidwe bwino mu mbiri ya sukulu. Koma ma logo awiri pa pepala limodzi munthu amaona ngati masukulu awiri agwirizana kuchita konsati. Chimene anthu akufuna kudziwa ndi dzina, osati chithunzi. Ikani mzere umodzi wa zilembo zazing'ono pansi pa logo yatsopano: "yomwe kale inkatchedwa mwakuti". Ndipo m'kabukumo mulembe tsiku limene mzerewo udzachotsedwe. "Kwa kanthawi" kopanda deti ndi zaka khumi.

Malo amodzi okha amene dzina lakale lisachoke msanga ndi pa zikalata za maphunziro. Amene anamaliza kale ali ndi masatifiketi a dzina lakale, ndipo bwana wofuna kuwalemba ntchito akafufuza sukuluyo sadzaipeza. Uwauze a ofesi akonze kalata yotsimikiza kuti sukulu ndi yomweyo, pa letterhead yatsopano, komanso tsamba limodzi pa webusaiti lofotokoza zimenezi. Si ntchito ya dizayina kwenikweni, koma ukapanda kunena iwe palibe adzakumbuke. Ophunzira akalewo uwaonetsenso logo isanatuluke. Kampani ya zovala ya Gap mu 2010 inatulutsa logo yatsopano modzidzimutsa, anthu anakwiya, patangotha pafupifupi sabata inabwerera ku yakale.

Wofunsa:
Nanga kabukuko kakhale ka masamba angati? Ndinayamba kutengera buku la 1975 lija la malamulo a logo ya NASA, bungwe la za mlengalenga la ku America, ndafika kale tsamba 40.

Mlongo wa Webusaiti:
Iii achimwene, lokongola ndithu bukulo, koma ndani akawerenge? Masamba 40 asungireni osindikiza ndi madizayina anzanu. Aphunzitsi apatseni tsamba limodzi: logo iti pa malo ati, mpata wosiya mozungulira, saizi yochepetsetsa, mitundu, ndi zithunzi zinayi za zosayenera, makamaka kuikoka m'mbali mpaka kuphwatalala. Mpatawo muuyeze ndi kutalika kwa chilembo choyamba cha logo, osati mamilimita, kuti uzikula limodzi ndi logoyo. Chachikulu ndi mafayilo. Munthu amagwiritsa ntchito logo imene waipeza msanga, kaya ndi yolakwika. Pangani foda imodzi, mayina omveka ngati "logo ya kalata" ndi "logo ya pa chithunzi chakuda", PNG zopanda kumbuyo, ndi ma template a Word ndi PowerPoint logo ili kale mu header. Pakhalenso munthu mmodzi wa pa sukulupo wofunsidwa, dzina la udindo wake lilembedwe pa tsambalo.

Wofunsa:
Ndabwerako ku msonkhano. Ndinatenga chidindo cha logo ya zizindikiro zinayi ndi cha yatsopano, ndinadinda zonse pa pepala limodzi n'kuliyendetsa patebulo osanena kanthu. Kenako ndinafunsa funso la kamera lija. Mkulu anaseka yekha n'kuvomera. Tagwirizana maonekedwe atatu a logo, madipatimenti atenga mzere wa dzina ndi mtundu wa maposita, mzere wa dzina lakale uchoka pakatha miyezi 18. A magule ndi a zisudzo onse akufuna wofiira, imeneyo ndawasiyira akambirane okha. Achemwali opeta, zilembo zoyamba zija zatuluka mamilimita 7 pa malaya, zikwana?

Wopeta:
Zikwana. Tumizani fayilo ndiyambe ndayesa pa kansalu, musanaitanitse malaya onse.