Thandizeni: ndikufuna mapu akale osonyeza bwinja la agogo kwa Mazengera

Moni nonse pagulu lino, ndithandizeni nzeru.

Agogo anga aakazi anabadwira m'mudzi wina m'tsinde mwa zitunda zoyandikana ndi phiri la Nkhoma. Anthu anasamukapo amayi asanabadwe, pano ndi minda yokhayokha. Mwezi watha ndinawatenga kuno ku Area 25 kuti akandilozere bwinjalo ndi pamene panagona amayi awo. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Ankangoti, "Panali mkuyu, khwawa lili kumadzulo." Mkuyuwo kulibe, makwawa alipo atatu. Mapeto ake anakhala pachulu, misozi ili chuchuchu.

Google Maps sikusonyeza kanthu. Koma kusekondale tinkaphunzira mapu aja a mizere yofiirira yosonyeza kukwera kwa phiri, timadontho takuda ta nyumba ndi maina a midzi. Akale oterowo ndingawapeze kuti? Agogo akufooka, sindikufuna kuchedwa.

Mayankho

— Pepani achemwali. Yambani ku Dipatimenti ya Surveys konkuno ku Lilongwe. Mukafunse mapu a sikelo ya 1:50,000 a dera la Nkhoma, makamaka oyambirira aja opangidwa ndi Directorate of Overseas Surveys ya ku Britain. Ankawalemba kuchokera pa zithunzi zojambula pandege, ndiye mufunsenso za zithunzizo. Msitu wa manda umaoneka bwino ngati kachigamba kakuda pakati pa minda.

— Kukakanika kumeneko, pitani ku National Archives ku Zomba, kosungira zolembedwa zakale za dziko.

— Chenjerani ndi maina. Mudzi umadziwika ndi dzina la mfumu, ndipo ukagawikana kapena kusamuka dzinalo limapita ndi anthu. Kalembedwe ka azungu nakonso kankapotoza maina. Agogo akuuzeni timitsinje ndi madambo, zimenezo sizisamuka. Mishoni ya Nkhoma ilipo kuyambira 1896, afunseni agogo kuti popita kutchalitchi ankawoloka mitsinje ingati, phiri lili dzanja liti.

— Mayi, mapu ndi abwino, koma musakalowe kumanda musanaonane ndi anyakwawa. Eni mudzi ndi amene amatsegula njira, ndipo akuluakulu akumeneko mwina bwinjalo akulidziwa.

— Zikomo kwambiri nonse. Ndawafunsa agogo usiku uno, akuti ankawoloka kawiri, phiri lili kudzanja lamanja. Lolemba ndilawirira ku Surveys. Alipo wochokera kwa Mazengera amene angandiperekeze kwa mfumu?