Silabu yathu ku Beira yayamba kugwetsa zidutswa za konkire, tikonze kapena tiike malata pamwamba?

Abale anga muli bwanji, pepani ndilemba zambiri koma chonde amisiri komanso amene munakhalako kufupi ndi nyanja ya mchere werengani mpaka pansi. Ine kwathu ndi ku Ntcheu koma tili ku Beira chaka cha 11 tsopano, bambo a ana amayendetsa thanki ya mafuta ndiye masabata ambiri ndimatsala ndi ana atatu komanso apongozi anga aakazi. Nyumba yathu ili mbali ya Macuti, wapansi mphindi 10 mwafika pamchenga, usiku mafunde timawamva tili pabedi.

Poyamba inali ya malata. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wa Idai atafika denga lonse linapita ife tili mkati, tinachezera pansi pa tebulo, m'mawa malata ena tinakawapeza atakulunga mtengo wa kokonati wa aneba. Bambo analumbira kuti malata sadzagulanso, tithire silabu, denga la konkire lija, kuno amati placa. Nthawi imeneyo aliyense amamanga, amisiri amasowa, simenti inali itakwera, ndiye tinangotenga mnyamata wina amene anapezeka. Mchenga unabwera madzulo pa kagalimoto, wotchipa, ine ndinaonamo tizigoba ndikufunsa koma anati mayi mchenga ndi mchenga. Madzi timatunga pa chitsime cha kuseri, aja oti sopo sachita thovu ndipo kumwa sitimwa. Namondwe wina wa Eloise atadutsa mu Januwale 2021 silabu inali nji, tinadzitama kwabasi aneba akuthamangitsana ndi malata.

Chaka chotsatira pakona ya chipinda cha ana panayamba kuda, kenako kudontha, tapaka phula lakuda lija kawiri konse koma limangogwira miyezi ingapo dzuwa likamenya lasweka. Mvula ikagwa pamwamba madzi amaima kufika mu akakolo masiku atatu osatsika. Ndiye sabata yatha masana ana ali ku sukulu chidutswa cha konkire chachikulu ngati mbale ya nsima chinagwa pa bedi penipeni, pamene chachoka pakuoneka chitsulo chofiira chikusendeka ngati khungwa la bulugamu. Nyumbayo ndi mamita 8 kwa 10, ndipo pamwambapo bambo anaikapo thanki ya madzi ya malita 2000.

Amisiri abwera atatu aliyense ndi yake. Woyamba akuti tithirenso matope a simenti masentimita 5 pamwamba ponse ndi mankhwala oletsa madzi, wachiwiri akuti torch-on, chinsalu cha phula chija amamata powotcha ndi gasi, wachitatu akuti tiike malata pamwamba pa silabu nkhani ithe. Apongozi akuti iphwanyidwe basi iwo safuna kufera m'nyumba ya mwana wawo. Bambo pa foni akungoti dikira ndibwere, koma mvula sidikira munthu. Ndalama tili nazo ndi za njira imodzi yokha, tikalakwitsa tathera pompo. Nditani abale?

Mayi wina wa ku Blantyre:
Achemwali zina zonse pambuyo, ana achoke m'chipindamo lero lomwe. Agone pa balaza kapena kwa aneba.

Mwini funso:
Achoka kale mayi, akugona ndi agogo awo, zikomo.

Mmisiri wa ku Salima:
Mayi musaope ayi, ine masilabu ndathira ambiri ku Senga Bay ndipo ali bwinobwino mphepete mwa nyanja momwe. Vuto lanu ndi madzi oima aja basi. Silabu siyenera kukhala levulo ngati tebulo, imafuna kupendeka pang'ono, sentimita imodzi ndi theka kapena 2 pa mita iliyonse kulozera ku paipi. Kwerani muone mapaipi otulutsa madzi, nthawi zambiri mupeza masamba kapena jumbo yatseka, mwinanso paipi anaika pamwamba kusiya madzi pansi. Woyamba uja akunena zoona, thirani matope mupendeketse, pomwe pagwapo pakani pulasitala, nkhani yatha.

Mlongo wa ku Durban:
Akulu a ku Salima ndi ulemu wonse, nyanja yanuyo ndi ya madzi akumwa, chambo sichikhala mu mchere. Beira ndi nkhani ina. Ine ndili ku Durban zaka 9 ndimagwira ndi anthu okonza madenga, kuno ngakhale loko wa pageti amachita dzimbiri chaka chisanathe chifukwa mphepo yomwe imanyamula mchere. Zimene akufotokoza achemwaliwa ndaziona m'nyumba zambiri za kufupi ndi gombe, pulasitala mukapaka pa chitsulo chadzimbiri chaka chamawa agwanso ndi mnzake wa pambali. Musawapatse mtima woti zatha.

Mmisiri wa ku Salima:
Chabwino asisi za mchere ndavomera, koma za paipi sindikubweza mawu.

Injiniya wa ku Lilongwe:
Mayi, awiri onsewa ali ndi mbali yawo, ndiloleni ndifotokoze pang'onopang'ono ngakhale nyumbayo sindinaione. Chitsulo chikakhala mkati mwa konkire yabwino sichichita dzimbiri chifukwa simenti imachiteteza. Mchere ukafika pa chitsulo chitetezo chija chimatha, dzimbiri limayamba, ndipo dzimbiri limatupa kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limakankha konkire kuchokera mkati mpaka kung'aluka n'kugwa. Chidutswa chija sichinagwe chifukwa cha kulemera kwa madzi ayi, chinachita kukankhidwa. Nyumba za kunyanja mchere umalowa kuchokera kunja pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kumeneko timafuna konkire yokuta chitsulo ikhale masentimita 4 kapena 5, osati 2 ngati kuno kumtunda. Koma inu mwatchula tizigoba mu mchenga ndi madzi osachita thovu, ndiye ndikuopa kuti mchere wanu munaupondera limodzi ndi simenti tsiku lothira lomwelo. Zikakhala choncho uli paliponse m'silabumo, osati pakona yokhayo, ndipo zaka zochepa chonchi kuti chitsulo chifike posendeka zikugwirizana ndi zimenezo.

Za matope a masentimita 5 ndikukanizani pakali pano. Pa mamita 8 kwa 10 amenewo ndi katundu woposa matani 8 amene mukusenzetsa silabu yodwala kale. Madzi ofika mu akakolo, tinene masentimita 10 denga lonse, ndi malita 8000, matani 8 enanso. Thanki yanu ikadzaza ndi matani 2 pamalo amodzi, ndiye funso langa ili pamwamba pa khoma kapena pakati pa chipinda? Ikhuthuleni lero. Torch-on ndi yabwino ndithu pa silabu yamoyo, ya mamilimita 4 yoikidwa pouma, yokwera m'mbali mwa kakhoma kozungulira silabu ndipo yopakidwa penti ya siliva zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, koma mukaimata pa konkire yonyowa imatupa matuza ndipo dzimbiri la pansi silisiya. Imaletsa kudontha, sibwezeretsa chitsulo chimene chadyeka.

Chitani izi musanalipire aliyense. Tengani nyundo yaing'ono mugogode siling'i yonse chipinda ndi chipinda, mutavala chipewa cholimba ndipo musaime pansi pa malo mukugogodawo. Polimba pamalira ngwee, pamene pasiyana ndi chitsulo pamalira ngati ng'oma yobooka, pamenepo zungulizani ndi choko. Onaninso ngati pakati pa chipinda patsika, mangani chingwe khoma ndi khoma muyeze. Mukatha itanani injiniya wa komweko, osati wogulitsa mankhwala, aboole pang'ono atenge fumbi la konkire likayezedwe mchere. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi denga.

Mnyamata wina:
Kkkkk mayi bwererani ku Ntcheu kachewere alipo, ku Tsangano denga la udzu silichita dzimbiri

Mwini funso:
Aise ukanadziwa kuti sindikugona sukanaseka, koma kachewereyo nditumizire.

Dalaivala wa pa msewu wa Beira:
Alamu, ine ndimadutsa kwanuko mwezi ndi mwezi mwina bambo timadziwana pa mzere wa ku doko. Idai ndinamuonera ku Dondo nditagona pansi pa thiraki. Chimene ndinaona n'choti madenga ambiri amapita ndi mapulanga ake omwe, kusonyeza kuti malata sanalakwe, cholakwa chinali kumangirira. Anthu amangokhazika mitanda pa khoma n'kupanikiza ndi njerwa ziwiri. Mlamu wanga wina ku Manga denga lake linatsala chifukwa mitanda anaimanga ndi zitsulo zotuluka mu konkire ya pamwamba pa khoma, denga lotsetsereka mbali zonse zinayi, khonde lalifupi mphepo isapeze polowera. Ndiye awuzeni bambo asadane ndi malata mpaka kale. Kungoti musagule wamba aja opyapyala, funsani a aluzinc (okutidwa ndi aluminiyamu ndi zinki) okhuthala oyenera kunyanja, ndipo mumange ndi masikuluwu osachita dzimbiri osati misomali, chifukwa msomali ukadyeka lata limayamba kubooka pomwepo.

Bambo wina wa ku Mangochi:
Ine ndinachita zomwezo kwathu, malata pamwamba pa silabu, kudontha kunatheratu ndipo m'nyumba mukuzizira bwino ngakhale mu Okutobala. Wachitatu uja ndiye wanzeru.

Mlongo wa ku Durban:
Bambo a ku Mangochi silabu yanu inali yongodontha kapena imagwa? Chifukwa malata pamwamba aletsa mvula inde, koma konkire yomwe yasiyana kale ndi chitsulo idzagwabe pamutu pa mwana malata ali phee pamwamba. Ndipo choopsa kwambiri ena amaika siling'i bodi pansi kubisa, ndiye simuonanso chimene chikuchitika.

Bambo wina wa ku Mangochi:
Yanga imangodontha, zakugwazo ayi. Ndamva.

Injiniya wa ku Lilongwe:
Malata pamwamba ndi njira yabwino ngati choko chija chapezeka malo ochepa, chifukwa dzimbiri limafuna chinyezi, silabu ikauma limayenda pang'onopang'ono ngakhale ku Beira mpweya womwe ndi wonyowa. Koma muyambe mwakonza pansi. Kuchirikiza ndi mitengo kaye, kugoba konkire yofooka mpaka kuseri kwa chitsulo zala zizilowa, kupala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka chiwale, pomwe chatha kuonjezera china, kenako matope apadera okonzera konkire osati pulasitala wamba. Ndipo denga latsopanolo limangiriridwe m'makoma, asalikhomere mu silabu yodwalayo. Choko chikadzaza theka la nyumba kapena pakati patsika, pamenepo apongozi anu ndi amene akunena zoona, musataye ndalama pa zigamba.

Mayi wachikulire wa ku Ulongwe:
Mwana wanga, ine za zitsulo sindidziwa, koma nkhani ya denga musaimalize wekha bambo kulibe, silabuyo anaithira ndi mtima wowawa ndipo kumva kuti iphwanyidwe ziwapweteka. Atumizire zithunzi ndi mawu a injiniyawa awerenge okha ali pa msewu, akamafika akhale atazimeza kale.

Mwini funso:
Zoona amayi, ndawatumizira, awerenga koma sanayankhe, ndikuwadziwa akatero ndiye kuti zawalowa.

Mwini funso:
Abale ndabweranso. Dzulo ndinakwera ndi mwana wamkulu wa aneba, akulu a ku Salima munalasa, mapaipi alipo awiri okha ang'onoang'ono, imodzi munali mpira wa ana wa majumbo uja, inayo ili pamwamba zala zitatu kuchokera pa silabu ndiye madzi amayenera adzaze kaye kuti aipeze. Tatsegula yotsekayo ndipo mnyamata wagoba pansi pa inayo, madzi onse atsika. Thanki takhuthula, inali pakati penipeni pa chipinda cha ana chomwecho, nditaona miyendo inandizizira, bambo anaika pamenepo chifukwa paipi ya ku bafa inali pafupi.

Kugogoda ndagogoda m'mawa uno nditavala chipewa cha njinga yamoto. Chipinda cha ana choko chazungulira pafupifupi theka, kukhitchini malo atatu ang'onoang'ono pafupi ndi windo loyang'ana kunyanja, pabalaza ndi kuchipinda kwathu kukulira ngwee paliponse kupatula pamene pali waya wa getsi. Chingwe ndamanga, kwa ana pakati patsika mwina chala chimodzi, kwinako sindikuona kusiyana koma mwina ndi maso anga. Apongozi aona choko chija angoti ndinanena ine n'kutulutsa mphasa yawo panja.

Ndiye a injiniya funso langa tsopano, kodi zimatheka kuphwanya silabu ya chipinda chimodzi chokha n'kusiya zinazo, kenako malata nyumba yonse, kapena zitsulo zake zimakhala zolumikizana moti ukadula mbali ina inayo imafooka? Komanso mitengo yochirikizira ndiike ingati m'chipinda cha mamita 3 kwa 4 podikira bambo, afika Lachisanu akangotsitsa ku Lilongwe.

Injiniya wa ku Lilongwe:
Zimatheka koma zimatengera mmene anayalira zitsulo, ngati zinadutsa pamwamba pa khoma kupita chipinda china kudula kumasintha mmene mbali yotsalayo ikunyamulira, ndiye ameneyo akhale injiniya ataima pomwepo, asadule mnyamata wa nyundo yekha. Mitengo ikani mizere iwiri motalikirana mita imodzi, thabwa lokhuthala pansi ndi lina pamwamba, muipanikize ndi timatabwa tosongoka koma osamenya mwamphamvu ngati mukukweza silabu. Chitseko cha chipindacho mukhome kiyi musunge nokha. Jambulani chitsulo chija pafupi mutaika ndalama yachitsulo pambali pake ndione kukula kwake.

Mwini funso:
Chabwino bambo, magetsi athima foni ili pa 6, ndikatchaja kwa aneba ndijambula kusanade.