Sabata ya zochitika pa kampasi mu Okutobala: tiyambire pati kuno ku Mangochi?

Mlembi_wa_komiti:
Akuluakulu, komiti ya ophunzira yatipatsa sabata yachiwiri ya Okutobala. Pa ndondomeko pali mpira wa miyendo ndi wa manja, mtsutso, usiku wa magule, kupereka magazi, perete wodutsa m'tauni, kenako ulendo wa kunyanja Loweruka. Tilipo pafupifupi 300 ndipo ndalama n'zochepa. Amene mukuzidziwa bwino, chimasokoneza kwambiri n'chiyani?

Wa_pa_Mpondasi:
Achimwene, choyamba lemekezani dzuwa. Okutobala wa kuno masana kumatentha kupitirira madigiri 35, mchenga wa pabwalo umawotcha ngakhale mutavala nsapato. Mpira uziyamba 6 koloko m'mawa kapena 3:30 masana. Mukachedwa mpaka 4:30, chigawo chachiwiri chithera mumdima, chifukwa kuno kumada 6 koloko isanakwane bwino, ndiye mikangano ya zigoli imayambira pomwepo. Mtsutso ndi nkhani za alendo muziike pakati pa tsiku, mu holo, mawindo onse otsegula.

Pabwalo pakhale zidebe zinayi za malita 20 zokhala ndi mpopi, madzi othira klorini, ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kudzazanso basi. Musalole kapu imodzi yoviika m'chidebe. Kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri boma lino, anthu sanaiwale. Gulaninso mapaketi a Thanzi, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi, a osewera amene agwidwa chizungulire.

Lachisanu kuyambira 11:30 mpaka 2 koloko musaike kalikonse. Anzathu ambiri amakhala ku mzikiti, ndipo oyendetsa kabaza, ophika ndi obwereketsa mipando ambiri amapitanso komweko. Za perete, lembani kalata kwa DC, kope lipite kwa mkulu wa polisi, osachepera maola 48 tsikulo lisanafike. Mulembemo njira yeniyeni, nthawi, ndi mayina a oyang'anira mzere. Ine ndingati musawoloke mlatho wa Bakili Muluzi ndi khamu, tembenukirani pa nsanja ya wotchi ija.

Anesi_a_pa_boma:
Ine nkhawa yanga ili pa zinthu ziwiri. Kupereka magazi musakuike tsiku limodzi ndi mpira. Munthu akachotsedwa mamililita 450 n'kukathamanga padzuwa, amagwa. Lemberani a MBTS, bungwe lotolera magazi m'dziko muno, msanga kuti akuikeni pa ndandanda yawo, musankhe Lachitatu m'mawa, chipinda chozizirirako, ndipo aliyense abwere atadya ndi kumwa madzi.

Chachiwiri ndi nyanja. Posambira pakhale pa mchenga woyera, kutali ndi bango ndi udzu wa m'madzi, chifukwa m'menemo ndi mokhala nkhono zofalitsa likodzo. Cha kumene Shire akutulukira m'nyanja kuli ng'ona ndi mvuu, kumeneko ayi ndithu. Ambiri amalakwitsa apa: amamwa praziquantel, mankhwala a likodzo, tsiku lotsatira poganiza kuti adziteteza. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, ndiye kumwa nthawi yomweyo sikuthandiza. Dikirani masabata 6 mpaka 8, mupite kuchipatala, akupimeni sikelo kapena msinkhu kuti akupatseni mlingo woyenera, ndipo mumwe mutadya. Amene aone magazi m'mkodzo asadikire anzake.

Boti musakwere lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo womwa mowa asalowe m'madzi. Werengani anthu ndi mayina pokwera basi, pofika, ndi pobwerera. Kuwerenga mitu kokha kumanamiza kukada.

Msungichuma_wakale:
Ndalama zimathera pa chakudya ndi pa zokuzira mawu. Mpunga werengerani magalamu 150 pa munthu, ndiye thumba la makilogalamu 50 likwanira anthu 300 kamodzi, n'kutsalako pang'ono. Mbuzi ndi nkhuku zikhale zochinjidwa ndi shehe, mulengeze poyera, apo ayi theka la anthu lidya mpunga ndi kabichi wokha. Chambo cha anthu 300 simungachikwanitse. Usipa kapena utaka wogula m'mawa padoko ndi wabwino, koma uphikidwe tsiku lomwelo, kutentha kuno sikusunga nsomba. Dulani matikiti a chakudya okhala ndi chidindo, chifukwa usiku wa magule kumabwera anthu a m'midzi yozungulira, makamaka akamva kuti kuli beni kapena manganje.

Wa zokuzira mawu mumupatse theka poyamba, theka akamaliza, zolembedwa papepala. Mufunse ngati jenereta ndi yake ndiponso mafuta agula ndani, poti magetsi akathima pakati pa gule mkangano umakhala pamenepo. Ngati mukulipiritsa pakhomo, funsaninso a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, za chilolezo cha nyimbo.

Mlembi_wa_komiti:
Zikomo kwambiri nonse. Fainolo tinaiika Lachisanu 1 koloko, tiisuntha ifike 3:30. Amayi a pa boma, kalata ya kwa a MBTS tilembe ife kapena idutse kwa oyang'anira ophunzira?

Anesi_a_pa_boma:
Idutse kwa oyang'anira ophunzira, asaine ndi kudinda. Mulembemo chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza kuti apereka, kuti abwere ndi matumba okwanira.