Kodi limba la mapaipi tingalisamutse tokha?

Mlembi wa mpingo, Leeds:
Abale ndi alongo, mpingo wathu wapatsidwa limba la mapaipi kuchokera ku tchalitchi china chomwe chatsekedwa kuno ku Yorkshire, koma atiuza kuti kulichotsa ndi udindo wathu. Lili ndi mizere iwiri ya makiyi a manja, makiyi oponda ndi mapazi, ndiponso masitopu 14 (sitopu ndi gulu la mapaipi otulutsa mawu a mtundu umodzi). Akuluakulu ena akuti anyamata athu angathe kulimasula Loweruka limodzi n'kulikweza pa lole. Kodi zimenezi n'zotheka?

Woimba limba, Sheffield:
A Mlembi, ndikupemphani kuti anyamatawo asakhudze paipi ngakhale imodzi. Mapaipi amene mukuwaona kutsogolo ndi ochepa chabe, chifukwa sitopu iliyonse ya makiyi a manja imakhala ndi mzere wake wa mapaipi 56, 58 kapena 61, kotero m'kati mwa limba lanu muyenera kukhala mapaipi mazanamazana, ena aang'ono ngati pensulo. Achitsulo amapangidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini, ndipo ndi ofewa moti chala chokha chimapinda kamwa la paipi, mawu ake n'kuwonongeka. Mmisiri wa malimba amalemba nambala pa chilichonse ndipo amagoneka mapaipi m'mabokosi aatali, mzere uliwonse paokha.

Musanavomere mphatsoyi, yezani denga lanu. Sitopu yolembedwa kuti 8' imatanthauza kuti paipi yake yaitali kwambiri, ikakhala yotsegula kumwamba, ndi ya mamita pafupifupi 2.4, ndipo ya 16', yomwe kawirikawiri imakhala ya makiyi a mapazi, ikakhalanso yotsegula imayandikira mamita 5. Fufuzaninso dzina la tchalitchicho mu National Pipe Organ Register, mmene mumalembedwa amene anapanga limba, chaka chake ndi masitopu ake.

Mayi wa kwaya, Glasgow:
Bambo anena zoona, koma ine nkhawa yanga ili pa kulibwezeretsa. Limba lalikulu la ku Notre-Dame ku Paris, la mapaipi pafupifupi 8,000, silinapse pa moto wa pa 15 April 2019, koma linadzaza fumbi la mtovu, ndipo mu 2020 analimasula kuti akalitsuke. Atalibweza pamalo ake akale omwewo, amisiri anatha miyezi akuchuna mapaipi usiku, pamene phokoso la omanga latha, ndipo linamvekanso mu December 2024. Lanulo likupita m'nyumba ina, mwinanso ya kapeti yemwe amameza mawu, choncho paipi iliyonse iyenera kukonzedwanso kuti igwirizane ndi chipindacho.

Woimba limba, Sheffield:
Ndinaiwala chimodzi: musaliike pafupi ndi zotenthetsera nyumba, pakuti mpweya wouma umang'amba matabwa ndi kuumitsa chikopa cha mvukuto, mphepo n'kumatuluka. Ngati chikopacho n'chakale, chisinthidwe limba lisanamangidwenso.

Mlembi wa mpingo, Leeds:
Zikomo kwambiri nonse. Tayeza denga madzulo ano ndipo ndi la mamita 4 okha, ndiye mawa ndiimbira mmisiri kuti akayambe waona mapaipi a makiyi a mapazi tisanayankhe kalata ya omwe atipatsa limbalo.