Mfuti ya bambo yayamba dzimbiri, ndigule chani chotsukira?

Wa ku Lusangazi:

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Bambo anga anatisiyira mfuti ya Greener, ija ya mpope umodzi, 12 bore, amathamangitsira anyani ndi nguluwe kumunda. Za mapepala ndinathana nazo kupolisi, layisensi ili m'dzina langa tsopano, ndiye musaope. Vuto ndi loti sabata yatha nditaitulutsa m'chikwama chake ndapeza timadontho tofiira pampope ponse, mkati namo mukuoneka mwakuda, mtima unandipweteka kwambiri chifukwa iwo aja kwa zaka zonse zija mfuti imeneyi imawala. Ine chaka chimodzi chokha yayamba kale kuonongeka. Ndimaipaka mafuta ophikira chifukwa ndi omwe amapezeka pakhomo, ndipo kukamwa kwa mpope ndinatsekako ndi kansanza kuti fumbi lisalowe. Ndazungulira mahadiwe a m'tauni, ena akuti gulani WD-40, ena akuti girisi, mnyamata wina ku msika wa Taifa anandiuza kuti ndingokwecha ndi sandipepala. Tsono ndigule chani kwenikweni, choti chikupezeka kuno ku Mzuzu? Sindikufuna kuononga chinthu chokhacho chimene bambo anandisiyira m'manja.

Madala a ku Katoto:

Mwana wanga, sandipepala ayi. Ndayamba ndi pamenepo chifukwa mukakwecha kamodzi kokha simungabwezenso. Kuda kuja mukuona pachitsulo si penti, ndi kachikopa kochepa kwambiri komwe amakapanga kufakitale kuti chitsulo chisamadye dzimbiri msanga, azungu amati bluing. Sandipepala amachotsa kameneko n'kusiya chitsulo chili mbee, ndiye ndi chinyezi cha kwathu kuno mwezi sutha. Sitiliwaya wotsukira mapoto nayenso ndi wokhakhala, musayese. Chimene chimagwira ndi steel wool wosalala kwambiri wolembedwa 0000, akalipentala opaka vanishi amamudziwa, mumamunyowetsa ndi oyilo n'kumasisita pang'onopang'ono osakanikiza, dzimbiri lapamwamba limachoka lokha. Mukapanda kumupeza ingothirani oyilo pamadonthopo, igone usiku, mawa mupukute ndi nsalu yolimbirako, mubwereze masiku angapo.

Musanagwire chilichonse tsegulani mfuti muone ndi maso komanso mupise chala kuti mulibe chipolopolo. Ngakhale mukudziwa kuti munachotsa. Ine ndagwira mfuti zaka zambiri koma mpaka lero ndimayang'ana kawiri, ndipo zipolopolo ndimazisiya chipinda china ndikamatsuka.

Tsono zolakwika zanu ndi zitatu ndipo zonse n'zokonzeka. Mafuta ophikira akakhalitsa amasasa n'kusanduka zomata ngati ulimbo, onani mmene imakhalira botolo ya mafuta pakhosi pake, zomwezo ndi zimene zikuchitika mkati mwa Greener wanuyo, tsiku lina kansonga komenya chipolopolo kadzakakamira. Chachiwiri chikwama. Chikwama ndi chonyamulira paulendo osati chosungiramo, chachikopa kapena chasiponji chimamwa chinyezi n'kumachisunga pachitsulo pomwepo. Inu mukudziwa mmene Mzuzu amakhalira, mvula kuyambira Disembala mpaka Epulo mwinanso Meyi, kenako June ndi July chifunga ndi mawawa, nsapato zimachita nguwi m'kabati, nanga chitsulo? Nzeru za anthu a ku Nsanje kapena ku Karonga kotentha sizingagwire chimodzimodzi kuno. Chachitatu ndi kansanza kaja. Chotsani lero lomwe. Kamasunga chinyezi pakamwa pa mpope, komanso tsiku lomwe anyani adzalowe m'munda inu mothamanga mudzaiwala kukachotsa, ndipo mpope wotsekeka ukawombedwa umatupa kapena kuphulika kumene m'manja.

Zogula si zambiri. Oyilo wa makina osokera, uja woyera wa m'timabotolo, kwa amene amagulitsa zamatelala. Parafini pang'ono wosungunulira litsiro lakale. Nsalu ya thonje, t-shirt yakale yochapa bwino mudule tizidutswa, ya nayiloni simwa mafuta. Mswachi wakale. Ndodo yotsukira mkati, yamtengo yosalala imakwana pa 12 bore chifukwa bowo lake ndi lalikulu, pafupifupi mamilimita 18.5. Chitsulo cha pa window kapena waya wa fensi musalowetsemo, chimakanda.

Mlonda_Luwinga:

Madala anena zoona koma pa WD-40 ndiwonjezere chifukwa ifeyo kuntchito tinavutika naye. Anthu amamutenga ngati oyilo pomwe ntchito yake yeniyeni ndi kuthamangitsa madzi, WD yo ndi water displacement. Ndiye mfuti ikanyowa ndi mvula usiku kumupopera ndi bwino ndithu, amatulutsa madzi m'makona momwe nsalu sifika, koma mukatero pukutani mupake oyilo weniweni chifukwa yekha ndi wopyapyala sakhalitsa. Girisi yekha kadontho basi pomwe zitsulo zimakhuzana mwamphamvu, mukadzaza amakoka mchenga n'kukhala ngati phala lopera chitsulo.

Oyilo wagalimoto watsopano amagwira mukasowa, ambiri timagwiritsa, koma osati wakuda uja wokhetsa ku garaja, muli zinyalala za injini. Petulo ayi ndithu, anthu amakonda kutsukira petulo poti amauma msanga koma moto wake suchedwa komanso amaononga polishi wa thabwa.

Chinthu china chomwe anthu sachiganizira ndi manja. Thukuta lili ndi mchere. Mukaona bwino madontho anuwo mwina ali pomwe mumagwira. Ine ndili ndi kansalu kamafuta m'kachitini kotseka, ndikamaweruka ndimapukuta paliponse pomwe dzanja lafika, mphindi ziwiri basi.

Nyachirwa:

Pepani kulowerera nkhani ya abambo, koma kwathu mfuti ya amuna anga ndimaona mmene amaisamalira ndipo zogula zake ndimabweretsa ndine ndikapita ku Joni kukaoda katundu. Ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera ku South Africa mutumeni cleaning kit ya 12 gauge, yomwe ndi 12 bore yomweyo, muuzeni nambalayo bwinobwino chifukwa ine ulendo woyamba ndinagula ya .22, kaburashi kake kochepa ngati pensulo, sikanagwire ntchito. Mu kit mumakhala ndodo yolumikiza zidutswa, burashi ya bronze, ndi kamopu ka thonje. Burashiyo ndiye yofunika chifukwa ndi yofewa kuposa chitsulo cha mpope, imachotsa mtovu ndi pulasitiki yomwe zipolopolo za masiku ano zimasiya mkati koma osakanda. Nsalu yokha sichotsa zimenezo. Kulinso kachingwe kotchedwa bore snake, mumangoponya kolemera kuchokera kumbuyo n'kukoka, nkabwino kumunda koma kwa mfuti yoti yakhala chaka osatsukidwa yambani ndi burashi.

Mafuta ake ife timagula Ballistol, ndi wa ku Germany, anayamba kupangidwa 1904 ndipo ubwino wake savuta pathabwa ndi pachikopa. Wina ndi Hoppe's No. 9 wa ku America, ameneyo ndi wosungunula litsiro la mkati osati wosungira, fungo lake ndi lamphamvu tsukirani panja. Kungoti zopopera zija za m'zitini pa ndege amakaniza, ndipo afunse kaye pa border kuti asavutike nazo.

Komanso timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mankhwala, silica gel, musamataye. Ife tinadzaza m'sokosi n'kuika m'kabati momwe timakhoma mfuti. Timayanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula tikakhuta chinyezi. Kabatiyo ikhale yokiya ndipo kiyi asamadziwe ana, zipolopolo pena mfuti pena, ine pamenepo sindinyengerera.

Madala a ku Katoto:

Mayi mwandikumbutsa za thabwa. Oyilo wa chitsulo asamafike pathabwa, amalowerera n'kulidetsa, pakapita zaka limafewa n'kung'aluka pomwe lakumana ndi chitsulo. Mfuti zambiri zakale mukaziona zada pakhosi, chifukwa chake n'chimenecho, eni ake amathira oyilo wambiri mumpope n'kuimika choyang'ana kumwamba, oyilo n'kumatsikira pathabwa. Mukapaka imikani kamwa pansi tsiku limodzi kapena awiri pa kathabwa kouma, osati pa simenti. Thabwalo mafuta ake ndi linseed, m'mahadiwe amapezeka, timadontho tiwiri titatu pachikhatho n'kusisita mpaka dzanja litenthe, mupukute otsala. Nsalu ya linseed musaiunjike pakona, imatha kuyaka yokha, yanikani chotambasula panja kapena muiviike m'madzi.

Greener wanuyo ndi wa ku Birmingham, amatseguka ndi chogwirira chapansi chija, chitsulo cha mkati n'kutsika, ndi mfuti yosavuta ndipo yolimba zedi n'chifukwa chake zafika mpaka pano m'midzimu. Koma musayambe kumasula zamkati ngati simunaonepo wina akuchita, mswachi ndi parafini zimafika pokwanira, kenako muumitse bwino. Masikuluwu akenso amafuna screwdriver yokwana ndendende, yaing'ono imadya mutu.

Agogo athu a mfuti za gogodera ankatsuka ndi madzi otentha, ndipo sankalakwa, onga wakuda uja umasiya mchere womwe umasungunuka ndi madzi. Ndanena izi poti mwina wina kumudzi akuuzani choncho. Zipolopolo zanu za m'sitolo sizifuna zimenezo.

Chibavi Boy:

Ine yanga ndi ya mpweya chabe, ya pellet, ndiye funso langa nanenso ndingathire oyilo wa makina pa kabowo kaja kotulukira mpweya? Ikumveka ngati yauma ndikamaipinda

Mlonda_Luwinga:

Ayi aise pamenepo usathire. Mpweya ukapanikizika umatentha, oyiloyo amayaka ngati mu injini ya dizilo, imalira ngati mfuti yeniyeni n'kuotcha seal mwinanso kuthyola spring. Pamenepo pamafuna silicone oil wake kadontho kamodzi patapita nthawi yaitali. Wa makinayo paka kunja ndi pa hinji popindira.

Achimwene a ku Lusangazi chinanso, oyilo mkati mwa mpope akhale wochepa woti chala chingomva, ndipo tsiku lokawombera pititsani kansalu kouma kaye muyang'anenso kuwala ngati mukudutsa, mavu aja omanga ndi dothi amakonda mabowo ngati amenewo. Zipolopolo zisakhudze oyilo, zimatha kufa. Mukamaliza sambani ndi sopo musanagwire nsima, mtovu ndi poizoni.

Wa ku Lusangazi:

Yewo chomene nonse. Kansanza ndachotsa dzulo lomwelo ndipo kanali konyowa ndithu, pakamwa pomwe kanakhala ndi pomwe dzimbiri lachuluka. Steel wool wa 0000 ndamupeza kwa kalipentala wina ku Chiputula, anandigawirako kachidutswa, madontho apamwamba ambiri achoka kwatsala awiri ozama pafupi ndi thabwa. Mkati ndadutsitsa nsalu ya parafini mwina ka 15 ikutulukabe yakuda, ndiye ndidikira burashi, mlamu wanga akubwera kuchokera ku Joni kumapeto kwa mwezi ndamulembera kale kuti 12 gauge.

Ndikufufuza m'sutikesi ya bambo ndapeza kachitini ka fodya, mkati muli kansalu kamafuta kopindidwa bwino ndi kabotolo ka oyilo wa makina, kotsala theka. Ndinakaona nthawi ya maliro koma ndimaganiza kuti ndi za makina a mayi. Madala, nditayang'ana mumpope padzuwa ndikuona timaenje ting'onoting'ono cha pakati, sitikuchoka ndi nsalu. Ndingawombere ili choncho kapena ndipite nayo kaye kwa wodziwa aione? Ngati ndi choncho ndiuzeni ndiyambire kufunsa kupolisi konkuja kapena kwina.