Pathupi poyamba: boma limathandiza ndi chiyani, nanga tchuthi cha uchembere n'cha masabata angati?

Bambo_Mtsogolo:
Moni nonse. Mayi akunyumba ali ndi pathupi pa miyezi itatu, ndipo amagwira ntchito pa golosale. Sikelo ayambe liti? Zaulere ndi ziti? Nanga kuntchito lamulo likuti chiyani?

Mzamba_waKuMzimba:
Achimwene, musadikire kuti mimba ioneke. Apite sabata inoyi, ndipo muwaperekeze, chifukwa magazi amafuna kuyeza nonse awiri. Kuchipatala cha boma sikelo ndi yaulere. Zipatala zina za mishoni (CHAM) zili pa mgwirizano ndi boma, choncho amayi oyembekezera salipira, koma si zonse, funsani kaye.

Ulendo woyamba amayeza BP, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chindoko. Amabaya katemera wa kafumbata, kupereka neti ndi mapiritsi owonjezera magazi. Mapiritsiwa amadetsa chimbudzi, ndipo ambiri akaona zimenezi amachita mantha n'kusiya kumwa. Asasiye chonde, si matenda ayi. Asamwere mapiritsiwa tiyi, amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi.

Fansida, mankhwala oteteza ku malungo, amayamba pa masabata 13: mapiritsi atatu, kumwera pamaso pa namwino, kutalikitsa mwezi umodzi, ndipo asachepere katatu. Wochedwa kuyamba sikelo sakwanitsa, pamene malungo kwa mayi wapakati amatha magazi ndipo mwana amabadwa wochepa thupi. Amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku samwa Fansida. Maulendo a sikelo tsopano ndi 8. Ngati kwanu n'kutali, apite kuchidikiro masiku akayandikira.

Wa_Zantchito:
Lamulo la ntchito la 2000 limapereka masabata osachepera 8 pa zaka zitatu zilizonse, malipiro onse osadulidwa, ndipo kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Litasinthidwa mu 2021, bambo nanunso muli ndi masabata awiri. Pamene pamavuta ndi pongouzana pakamwa. Alembe kalata yopempha tchuthi, abwana asayine, kope imodzi asunge kunyumba. Akakana, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.

Anganga_aTadala:
Mwananga, dzina la mwana mukonzeretu. Akabadwira kuchipatala, fomu ya NRB (ofesi yopereka ziphaso zaunzika) yolembetsera kubadwa imadzazidwa komweko, ndiye mutenge ziphaso zaunzika nonse awiri. Muonetsetse kuti mayina alembedwa monga alili pa chiphaso, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika mudzayenda nacho mpaka kutopa. Musatuluke mwana asanalandire BCG (katemera wa TB) ndi madontho a poliyo. Katemera wotsatira ndi pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Buku la sikelo likhale m'pepala la pulasitiki, likanyowa zolemba zimafufutika.

Bambo_Mtsogolo:
Zikomo kwambiri. Nanga Mtukula Pakhomo tingalembetse?

Wa_Zantchito:
Ayi, pathupi pokha sipalowetsa munthu. Chiyambire ku Mchinji mu 2006, cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye. Poti mayi ali pa ntchito, musawerengere zimenezo.