Kodi "mzinda" kale unkatanthauza chiyani?

Nachisale: Abale ndithandizeni. Titaika maliro kumudzi ku Dedza ndinapita pasiwa kukatsanzika, ndati ndibwerere kumzinda. Azakhali anandiyang'ana n'kuti, "Iwe, Lilongwe ali ndi mzinda? Anaugula kwa yani?" Amayi onse kuseka. Kodi mawuwa kale ankaimira chiyani?

Mbewe wa ku Mitundu: Azakhali anuwo sanalakwe. Agogo anga aakazi akamati "uyo ndi mwini mzinda" ankatsitsa mawu, ngakhale mfumu yake inali ya nyumba zochepa, yoyenda ndi jekete long'ambika pachigongono. Mzinda unali chilolezo chokhala ndi bwalo, dambwe ndi chinamwali. Mudzi woyandikana nawo unali waukulu koma atsikana ake ankavinidwira kwathu, poti mfumu yawo inalibe mzinda.

Chatsika: Ayi. Mzinda wachokera ku kuzinga. Ndi malo ozingidwa ndi linga. Onani Yeriko, onani Kano ku Nigeria, onani makoma a miyala a Great Zimbabwe. Kale kulikonse anthu akachuluka ankamanga mpanda.

Mbewe wa ku Mitundu: A Chatsika, zinga ndi zinda n'zimodzi? Linga lili ndi dzina lake kale.

Mayi a Tadala: Ine ndikukumbuka agogo akutiwerengera Baibulo lakale lija pakoloboyi, chala chikutsata mzere. Iwo ankati "mudzi wa Yerusalemu." Mzinda wa Yerusalemu ndinadzaumva ndili wamkulu. Blantyre ankangoti ku Kabula, Zomba ankati kuboma.

Phiri ku Leeds: Zimene anena a Mbewe zandikumbutsa za kuno. Kale ku England malo ankatchedwa city, ndiye mzinda pachingerezi, chifukwa cha tchalitchi chachikulu cha bishopu, osati kuchuluka kwa anthu. Ku Wales kuli St Davids, anthu ake sakwana 2,000, koma ndi city. Reading ndi yaikulu zedi koma mpaka lero ndi tauni chabe, inapemphapo kangapo n'kukanidwa. Ulemuwo amapereka ndi mfumu ya dziko, sudzipatsa wekha. Ndiye azakhali pofunsa kuti anaugula kwa yani, funso lake ndi lomwelo.

Chatsika: A Phiri, nanga York ilibe linga? London analibe? Aroma anamumangira khoma. Ndikunenabe kuti kuzinga.

Phiri ku Leeds: Linga analinalo, koma silimene linawapatsa dzinalo, achimwene.

Gogo Nankhoma: Ana inu, Blantyre anayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, dzinalo n'la kwawo kwa Livingstone. Lilongwe anakhala likulu mu 1975, ife tikuona. Koma Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, anali kulikulu lake ku Mankhamba azunguwo asanafike. Kumeneko amayi anga ankakutchula mwaulemu, ngati akunena za manda a makolo. Nyumba zosanja sizinkawerengedwa.

Chatsika: Zikomo agogo, koma ku Mankhambako mukuti kunalibe mpanda?

Mayi a Tadala: Bambo inu simutopa?

Tembo wa ku Chipata: Kuno timangoti tauni, kapena kukomboni. Mzinda timaumva pawailesi basi.

Mbewe wa ku Mitundu: Ndiye vuto lake limenelo. Mwana wanga akaimba foni amati ali pa den, kumudzi amati kumpanje. Ndikamufunsa kuti mwini mzinda kwathu ndani amandiuza dzina la meya.

Gogo Nankhoma: Mdzukulu wanga anandiuza kuti ndine "wa local." Ndinafunsa amake kuti wanditukwana kapena wandiyamikira.

Nachisale: Ndiye ndikadzapitanso ndidzati ndikubwerera kuti? Kutauni?

Phiri ku Leeds: Mudzangoti ku Area 25, azakhali sadzakufunsani zambiri.

Chatsika: Dikirani kaye. Mawa ndikafunsa amalume anga ku Ntcheu, anali aphunzitsi a Chichewa. Mudzaona kuti ndi kuzinga.